Musanagule nkhuku yoikira mazira odera ngati chokoleti, onani kaye dzira la make

Dzira loyamba lodera limene ndinaligwira m'manja linali lofunda, longoikiridwa kumene, timaudzu ta m'chisa titamatirira m'mbali. Ndinatenga kansalu konyowa kuti ndilipukute. Nditadutsitsa kawiri katatu, kansaluko kanafiira ngati ndapukutira dothi la katondo, ndipo padzirapo panatsala chigamba chotuwa. Nditaliswa kuti ndikazinge, m'kati mwa chigoba munali moyera mbee. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamvetsa kuti kudera kwa dzira ndi utoto wongopakidwa pamwamba, ndipo aliyense wofuna kuweta nkhuku za mazira otere ayenera kuyambira pamenepa asanatulutse ndalama m'thumba.

Oyamba kumene kuweta amakonda kufunsa kuti ndi mtundu uti wa nkhuku umene umaikira mazira odera kwambiri. Yankho lachangu ndi lakuti Marans. Koma yankho limeneli palokha lagwiritsa anthu ambiri fuwa lamoto. Munthu amagula anapiye amene wogulitsa wawatcha Marans, n'kuwadyetsa miyezi isanu ndi umodzi, tsiku loyamba kuikira n'kupeza dzira losasiyana ndi la pa thireyi ya pagolosale. Dzina la mtundu limangokuuzani zimene nkhuku za mtunduwo zingathe kuchita. Zimene nkhuku yanu idzachitedi zili m'magazi a banja limene yachokera: make ankaikira dzira lotani, ndipo tambala amene anaibereka anaswedwa m'dzira lotani. Akuluakulu anati make mbuu, mwana mbuu, ndipo pa nkhani iyi mawuwa ndi oona ndithu.

Dzira limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangike m'thupi mwa thadzi. Pa maola amenewa, pafupifupi 20 limakhala m'chigawo chakumapeto kwa njira ya mazira, momwe chigoba chimaumbidwa ndi kashiamu. Chigoba chilichonse chimayamba chili choyera, ngakhale cha nkhuku yotani. M'maola ochepa omaliza dzira lisanatuluke, thupi limalipaka utoto wotchedwa protoporphyrin, womwe ndi wa banja limodzi ndi chija chimafiiritsa magazi. Nkhuku zoikira mazira oyera, monga Leghorn, sizipaka utotowu. Zathu zambiri zachikuda zimapaka pang'ono chabe. Marans yabwino imapaka mokhathamiritsa mpaka dzira kumaoneka ngati laviikidwa mu koko. Mazira obiriwira ngati thambo, a nkhuku za Araucana zochokera ku Chile, ndi nkhani ina: utoto wake umalowerera chigoba chonse, kotero ngakhale m'kati mumaoneka mobiriwira ndipo simungaufufute ndi kansalu.

Poti utotowo ndi wopaka, umasintha. Msoti ukayamba kumene kuikira, mazira ake amakhala aang'ono koma odera zedi. Pakamapita miyezi mazira amakula, utoto uja n'kumapyapyala ngati penti ya m'chitini chimodzi yopakidwa pa khoma lalikulu. Thadzi likaikira masiku angapo motsatizana osapumira, dzira lomaliza limatuluka lotuwirapo kusiyana ndi loyamba. Likapuma, makamaka nthawi imene limathothoka nthenga n'kumera zina, kudera kumabwereranso. Choncho chithunzi chimodzi cha dzira chimene wogulitsa wakutumizirani pa WhatsApp sichikuuzani zambiri. Mwina ndi dzira la sabata yoyamba ya msoti wabwino kuposa yonse m'khola mwake, lojambulidwa pamthunzi, mwinanso lonyowetsedwa kuti liwale.

Marans inatenga dzina ku tauni ya Marans, kumadzulo kwa France, kufupi ndi doko la La Rochelle. Ndi dera la madambo, ndipo nkhuku zakumeneko zinasakanizika ndi zina zimene amalinyero ankabwera nazo pa zombo, kenako ndi za Langshan zochokera ku China. Bungwe la alimi a mtunduwu, Marans Club de France, linakhazikitsidwa mu 1929, ndipo chimene ndimalikondera n'chakuti linaika dzira patsogolo. Lili ndi tchati choyezera kudera kwa dzira kuyambira pa 1 mpaka pa 9. Nambala 1 ndi dzira loyera, 9 ndi lodera pafupifupi kuda. Nkhuku imene mazira ake safika pa 4 saiwerengera ngati Marans yeniyeni, ngakhale nthenga zake zitakongola bwanji. Woyamba kumene adziwe kuti mazira a pa 8 ndi 9, aja amayenda kwambiri pa intaneti, ndi osowa ngakhale kwa alimi odziwa ntchito. Mukapeza thadzi loikira pa 5 kapena 6 nyengo yonse, mwapeza nkhuku yabwino ndipo muisunge.

Marans ili ndi maonekedwe angapo a nthenga, koma yotchuka pa kudera kwa mazira ndi Black Copper. Thadzi lake ndi lakuda, m'khosi muli nthenga zofiirira ngati waya wa kopa. Tambala wake ali ndi kufiira komweko m'khosi, m'mapewa ndi pamsana. Maso ndi a olenji. Za ku France zili ndi tinthenga tochepa totsika m'mbali mwa miyendo mpaka ku chala chakunja, pomwe zimene anaziweta ku Britain zili ndi miyendo yopanda nthenga, ndipo zambiri ndi zamawangamawanga zotchedwa Cuckoo Marans. Kawirikawiri za mawangazi mazira ake ndi otuwirapo poyerekeza ndi a Black Copper. Ndi nkhuku yathupi: tambala amafika makilogalamu 3.5 mpaka 4, thadzi pafupifupi 3, ndipo nyama yake ndi yabwino. Pachaka thadzi limaikira mazira 150 mpaka 200, akuluakulu ndithu.

Apa mpomwe alimi a kuno kwathu ayenera kutsegula maso, chifukwa tili ndi nkhuku ziwiri zimene munthu wosazolowera angazisokoneze ndi Marans. Yoyamba ndi mikolongwe yathu yomweyi, Black Australorp, yomwe inatenga dzina ku famu ya boma ya Mikolongwe ku Chiradzulu. Nayonso ndi yakuda, yathupi, yofatsa. Koma mikolongwe ili ndi maso akuda, nthenga zakuda thupi lonse zonyezimira mobiriwira padzuwa, m'khosi mulibe kufiira, ndipo miyendo ilibe nthenga. Mazira ake ndi ofiirira pang'ono chabe. Yachiwiri ndi Potchefstroom Koekoek ya ku South Africa, yomwe anaipanga m'zaka za m'ma 1950 posakaniza Black Australorp, White Leghorn ndi Barred Plymouth Rock. Mawanga ake ndi ofanana kwambiri ndi a Cuckoo Marans. Yang'anani miyendo: ya Koekoek ndi yachikasu, ya Cuckoo Marans ndi yoyera. Zonse ziwiri ndi nkhuku zabwino kwambiri, zopirira, zodziwa kudzisakira chakudya, ndipo sindikuzinyoza ayi. Kungoti siziikira dzira lodera, ndipo n'zowawa kulipira mtengo wa Marans pa nkhuku imene mukanaipeza motsika mtengo pafupi ndi kwanu.

Zimenezi zinandichitikirapo. Ndinagula anapiye asanu ndi atatu kwa munthu wina amene anandionetsa chithunzi cha mazira okongola pa foni yake. Sindinapite kukaona khola lake. Atakula, misoti inali isanu, yakuda bwinobwino, iwiri yokha ndiyo inali ndi kakufiira m'khosi. Ndinadikira masabata 25, ndikusuzumira m'chisa m'mawa uliwonse. Dzira loyamba litabwera ndinaliika pafupi ndi la mikolongwe ya mnansi wanga, ndipo panalibe kusiyana koti n'kuloza. Mtima unandiwawa, osati chifukwa cha ndalama zokha, koma miyezi yonse ija ya chakudya ndi chisamaliro. Sindikuganiza kuti wogulitsayo anafuna kundibera. Mwina nayenso anagula dzina, ndipo atambala a mitundu ina ankayendera limodzi ndi nkhuku zake pabwalo.

Welsummer ndi yachiwiri imene ndingalangize woyamba kumene, ndipo kwa ambiri ndi imene ingawakomere kuposa Marans. Inachokera m'mudzi wa Welsum ku Netherlands, m'mbali mwa mtsinje wa IJssel kufupi ndi Deventer. Dzira lake silidera ngati chokoleti. Limafiira ngati njerwa yowotcha bwino kapena mbiya yatsopano, ndipo nthawi zambiri limakhala ndi timadontho toderako, thadzi lililonse ndi kalembedwe kake. Ndi nkhuku yopepukirapo, miyendo yachikasu yopanda nthenga, yochangamuka posaka chakudya, ndipo nthenga za thadzi zofiirira ngati za nkhwali zimalithandiza kubisala kwa kabawi. Ubwino wina ndi wakuti anapiye ake mungathe kuwasiyanitsa adakali aang'ono: aakazi amakhala ndi chizindikiro chooneka bwino pamutu ngati chilembo cha V ndi kamzere kakuda kochokera pa diso, pomwe pa aamuna zizindikirozi zimakhala zofufutika. Si nthawi zonse zimalondola, koma zimathandiza. Vuto lake ndi lakuti siikonda kufungatira, ndiye mudzafunika thadzi lachikuda kapena makina oswera mazira.

Barnevelder, ya ku tauni ya Barneveld ku Netherlands komweko, inatchuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pamene mazira ake odera ankagulitsidwa ku England. Masiku ano ndi nkhuku yokongola zedi, nthenga iliyonse yozunguliridwa ndi mizere iwiri yakuda, koma alimi ambiri anasankha kukongola kwa nthenga n'kuiwala dzira, moti mabanja ambiri a Barnevelder akuikira mazira wamba. Mbiri yake ndi umboni wa mfundo yanga: kudera kumathawa pakangopita mibadwo ingapo osakusamala.

Palinso Penedesenca ya ku Catalonia ku Spain, ya m'dera la Vilafranca del Penedès. Inatsala pang'ono kutheratu, ndipo anaiukitsa m'zaka za m'ma 1980. Imadabwitsa chifukwa ili ndi makutu oyera, chonsecho nkhuku zambiri za makutu oyera zimaikira mazira oyera. Iyo imaikira odera kwambiri, makamaka ikadali msoti. Lipombo lake limagawikana kumbuyo ngati duwa. Pa mitundu yonseyi ndi imene imapirira kutentha bwino, koma ndi yamantha, youluka, yosafuna kugwidwa, ndiponso ndi yovuta kuipeza kunja kwa kwawo.

Tsopano tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene chikondi cha dzira lokongola chimakumana ndi thumba la chakudya. Nkhuku za mazira za haibulidi, monga Hy-Line Brown kapena Lohmann Brown, zimayamba kuikira pa masabata 18 mpaka 20 ndipo zimapereka mazira opitirira 300 pachaka. Amenewo ndi mathireyi 10 pa nkhuku imodzi. Zimadya magalamu pafupifupi 115 patsiku, omwe ndi makilogalamu 42 pachaka. Marans imayamba mochedwerapo, nthawi zambiri ikadutsa masabata 22, imadya kuposa pamenepo poti ndi yathupi, ndipo ikaikira mazira 170 sanakwane n'komwe mathireyi 6. Kutanthauza kuti dzira lililonse lodera ladya chakudya pafupifupi kawiri kuyerekeza ndi la haibulidi. Izi sizichitika mwangozi. Nkhuku yoikira tsiku ndi tsiku siingathe kupaka utoto wochindikala pa dzira lililonse, ndipo banja limene alisankha kuti liziikira kwambiri limayamba kutuwitsa mazira. Ngati cholinga chanu ndi kugulitsa mathireyi kumsika komwe wogula amangofunsa mtengo, mitundu iyi siikuyenerani. Imapindulitsa amene ali ndi ogula olipira zambiri pa dzira lachilendo, amene akufuna kugulitsa mazira oswetsa ndi anapiye kwa alimi anzawo, kapena amene akungofuna nkhuku yokongola pakhomo yopatsa mazira ndi nyama yomwe.

Ndipo chonde, musamauze ogula kuti dzira lodera lili ndi michere yambiri kuposa loyera. Si zoona. Chigoba sichisintha zam'kati. Chimene chimasintha kukoma ndi kufiira kwa chachikasu cha m'kati ndi zimene nkhuku ikudya: chimanga chachikasu, masamba monga bonongwe, chisoso ndi chammwamba, komanso tizilombo ta pabwalo. Nkhuku yachikuda yoyendayenda ikhoza kukupatsani dzira lokoma kuposa Marans yotsekeredwa yodya madeya okhaokha. Mbali inayo ndi yoonanso: palibe chakudya chimene chingachititse nkhuku ya mazira otuwa kuyamba kuikira odera. Chakudya chabwino, cha mapuloteni 16 mpaka 18 pa 100 alionse ndi kashiamu wokwanira, chimangothandiza nkhuku kufika pa mlingo umene inabadwa nawo.

Kutentha ndi mdani wa dzira lodera. Nkhuku ikamapuma wefuwefu kukamwa kuli yasa, mapiko atagwa, imadya pang'ono, chigoba chimapyapyala ndipo utoto umachepa. Marans ndi Barnevelder ndi nkhuku za kumayiko ozizira, zathupi, za nthenga zambiri zakuda. Ku Dedza, ku Mzuzu kapena kumapiri a Thyolo zingakhale mosavuta. Ku Nsanje, ku Chikwawa kapena m'mbali mwa nyanja mu Okutobala ndi Novembala zimavutika, ndipo zimafuna khola lolowa mphepo bwino, mthunzi wa mitengo ndi madzi ozizira osatha tsiku lonse. Dzinja nalonso lili ndi zake: tinthenga ta m'miyendo timatola matope, thadzi n'kukalowa nawo m'chisa n'kudetsa mazira, inu pofuna kutsuka n'kuchotsa utoto womwe munaugulira nkhukuyo. Njira yake ndi kuika udzu wouma kapena utuchi wambiri m'chisa ndi pakhomo la khola, ndi kutola mazira kawiri kapena katatu patsiku. Miyendo ya nthengayo muziiyang'ananso pafupipafupi, chifukwa tizilombo totupitsa mamba a miyendo timabisala bwino m'menemo.

Dzira lodera lili ndi ubwino umodzi umene ambiri saudziwa: limakuuzani msanga nkhuku ikayamba kudwala. Thadzi limene dzulo linaikira lodera lero likaikira lotuwa mwadzidzidzi, lokhakhala kapena lopindika, china chake chalakwika. Nthawi zina ndi mantha chabe, galu kapena likongwe wazidzidzimutsa usiku. Koma chitopa ndi matenda ena a chifuwa monga infectious bronchitis amawononga chigawo chomwe chija chopangira chigoba, ndipo kutuwa kwa mazira kumatha kuoneka limodzi ndi zizindikiro zoyambirira. Mankhwala ena oteteza kutsekula m'mimba kwa magazi, otchedwa nicarbazin, omwe amaikidwa m'zakudya zina za nkhuku zanyama, amayeretsa mazira ofiirira, choncho musapatse nkhuku zoikira chakudya cha mabuloila. Katemera wa chitopa wa I-2, wodontheza m'diso, aperekedwe miyezi inayi iliyonse, ndipo funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu za gumboro ndi nthomba. Nkhuku zachilendozi zilibe kupirira kwa zachikuda zimene zazolowera matenda a pamudzi.

Pogula, pitani nokha kukhola ngati n'kotheka. Pemphani kuona mazira a tsiku lomwelo, onse, osati osankhidwa, ndipo muwaonere panja padzuwa. Nyamulani dzira wamba la pagolosale m'thumba kuti muliike pambali poyerekeza, chifukwa diso lokha limanamiza. Funsani kuti nkhukuzo zakhala zikuikira miyezi ingati: dzira lodera la thadzi limene laikira kale miyezi isanu ndi umodzi ndi umboni wamphamvu kuposa la msoti wa sabata yoyamba. Onani ngati mtundu uliwonse uli m'khola lakelake. Thadzi limasunga mbewu ya tambala masabata awiri kapena atatu, choncho ngati linayenda ndi tambala wina posachedwa, anapiye akhoza kukhala osakanizika ngakhale lero lili ndi tambala woyenera. Funsaninso za tambalayo kuti anachokera kuti ndipo anaswedwa m'dzira lotani. Mlimi wosamala amayankha mafunsowa mokondwa, nthawi zina mpaka kukutulutsirani kope limene amalembamo.

Kugula mazira oswetsa kuli ndi ubwino wakuti mukuona ndi maso utoto wa make. Koma kumbukirani kuti tambala amapereka theka la chibadwa, ndipo mazira oyenda ulendo wautali pa basi kapena minibasi saswa bwino. Mazira oderawa ndi ovutanso kuwaunika ndi tochi kuti muone ngati mwanapiye akukula. Pamafunika tochi yowala kwambiri, chipinda chamdima bii, ndi kudikira mpaka tsiku la 10 kapena kupitirira. Kuswa kumatenga masiku 21 monga nkhuku ina iliyonse, pa kutentha kwa madigiri 37.5 ngati ndi makina. Kwa woyamba kumene, ine ndimati njira yabwino ndi kugula misoti iwiri kapena itatu yotsala pang'ono kuikira ndi tambala mmodzi wosakhala mlongo wake, ngakhale mtengo uli wokwera. Amene akuganiza zoitanitsa kunja adziwe kuti mazira ndi anapiye sizidutsa malire popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za ziweto. Lamuloli lili ndi chifukwa chake: mu 2023 chimfine cha mbalame chinapululutsa nkhuku mamiliyoni ku South Africa, ndipo katoni imodzi yozembetsa ikhoza kubweretsa tsoka m'makola a mudzi wonse. Nkhuku iliyonse yatsopano ikhale payokha masabata awiri kapena atatu isanasakanizidwe ndi zanu.

Mukapeza banja labwino, ntchito yoteteza kudera yagwera inu. Kudera sikuchokera ku chinthu chimodzi cha chibadwa ayi, koma zambiri zogwirira ntchito pamodzi, n'chifukwa chake kumasungunuka msanga mukasakaniza. Marans ikakwerana ndi yachikuda, ana ake amaikira mazira apakatikati, ndipo adzukulu amabwerera pafupi ndi achikuda. Ine ndimachita motere: thadzi lililonse ndimalimanga kaulusi ka mtundu wake kumwendo, ndipo ndikatola dzira ndimalemba ndi pensulo kumutu kwake tsiku ndi mwini wake. Kamodzi pa mwezi ndimayala mazira a sabata imodzi pa thireyi, panja m'mawa, n'kuwajambula pamalo amodzimodzi pafupi ndi dzira wamba. Pakutha pa miyezi isanu ndi itatu zimaonekeratu kuti ndi thadzi liti limene lagwira utoto wake ndi liti lazirala msanga. Mazira ofungatiritsa ndimatenga kwa logwira utoto lija, bola likhale lathanzi ndiponso loikira mokwanira, chifukwa thadzi loikira dzira limodzi lokongola pa sabata silipititsa khola patsogolo. Tambala wa chaka chamawa ndimamusankha mwa anapiye oswedwa m'mazira odera kwambiri, ndipo pakapita mibadwo iwiri kapena itatu ndimasinthana tambala ndi mlimi wina amene mazira ake ndawaona ndi maso anga, kuti magazi asayandikane kwambiri anapiye n'kuyamba kufooka.